Mankhwala a Thonje M'mutu Mwanga

Dzulo ndinadutsa pamunda wina ku Balaka pomwe ankapopera thonje. Fungo lakelo linandibwezera kwathu ku Ngokwe, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Chaka chimenecho nsabwe zinandivuta m'mutu. Amayi anatenga kabotolo ka mankhwala opopera thonje, n'kudontheza pang'ono m'madzi, n'kundipaka. Khungu linayamba kuwotcha ngati andithira tsabola, koma iwo anati, "Pirira, ndiye kuti zikufa."

Patatha masiku atatu anandikhazika pakhonde kuti andipese. Ndinamva chipeso chikungodutsa osakoka. Amayi anasiya kanyimbo kamene ankang'ung'udza. Nditayang'ana pansi ndinaona tsitsi langa litaunjikana pachitenje chawo. Ndinagwira pamwamba pa khutu, ndipo panali posalala, ponyowa.

"Amayi, lidzameranso?"

Amayi anaitana azakhali ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Azakhaliwo atasuzumira m'mutu mwanga anagwira pakamwa.

"Alamu, mwamupaka chiyani mwanayu? Iyayi, tengani njinga tithamange naye kuchipatala!"

Amayi sanadzuke. Ankangotola tsitsilo n'kumalibwezera pamutu panga, ilo likungogwera pansi.