Nambala ya Anabanda ili m'dzina langa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa chipepala chomwe chinamatidwa pakhomo la shopu ya mafoni pa Kasungu Boma. Ndinali nditakhala pakhomo zaka ziwiri chilembereni Folomu 4, ndikungothandiza mayi anga kukazinga mandasi, mpaka tsitsi langa linkanunkha mafuta. Chipepalacho chinkati akufuna achinyamata odziwa foni ya tachi. Boma linali litalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chitupa cha unzika cha mwini wake, ndipo yosalembetsedwa idzadulidwa tsiku loikika likakwana. Makampani a mafoni anali kalikiliki kusaka anthu oti awatume kumidzi. Ndinalemba dzina, ananditenga.

Anatiphunzitsa tsiku limodzi basi. Ntchito yake sinali yovuta. Umalemba nambala ya munthu mu apu ya kampani, kampani imatumiza kodi ku simu yakeyo, iye n'kukuwerengera. Kenako umasikana kumbuyo kwa chitupa chake, n'kumujambula nkhope ataima powala, wopanda chipewa, n'kudina potumiza. Pakabwera kachizindikiro kobiriwira ndiye kuti zatheka. A Mwale, supavaiza wathu, anatigogomezera chinthu chimodzi, akumenya tebulo ndi cholembera: "Munthu aliyense ndi chitupa chake. Wopanda chitupa abwerere, ngakhale atakhala mayi anu okubalani." Tonse tinavomera ngati tili m'tchalitchi.

Anandipatsa foni ya kampani, pawabanki imodzi, ambulera ndi jekete lowala loti munthu ankaliona ali kutsidya kwa dambo. Anzanga odziwika anagawana pa Boma ndi m'mbali mwa msewu wa tala. Ine wopanda wondilankhulira anandiponya kwa Lukwa, kumaesiteti a fodya. Wa kabaza ananditula pa kamsika kena ka mashopu anayi ndi chigayo, iye n'kutembenuka osayang'ana m'mbuyo. Malo ogona ndinapeza kuseri kwa shopu ya a Saidi, bambo wa Chisilamu wofatsa, yemwe anali ndi sola yotchajira mafoni. Netiweki kumeneko inkagwira pamalo amodzi okha, pachulu china chachikulu kuseri kwa chigayo. Ofesi yanga inali chulu chimenecho.

Tsoka lake, ndinafika nthawi yomwe makomiti a m'midzi ankalemba maina a anthu olandira makuponi a fetereza. Kaya anayambitsa ndani, koma mphekesera inandipitirira kutsogolo yoti aliyense wolembetsa foni, boma limuona kuti ndi wopeza bwino, dzina lake lichotsedwa pa makuponi. Basi zinathera pomwepo. Mafoni onse analowa m'nkhokwe ndi pansi pa mphasa. Ukafunsa munthu, ati ine foni sindinaigwirepo chibadwire, pomwe m'thumba mwake ikulira. Lero sindiwada. Munthu amene chakudya chake cha chaka chonse chadalira matumba awiri a fetereza, ungamuuze chiyani za kalembera wa manambala? Koma nthawi imeneyo zinkandiwawa kwabasi.

Kumjigo ndikafika amayi ankangoti zii, wina n'kuyamba kutsuka ndowa yoyera kale. Ndikapereka moni ankayankha akuyang'ana kumbali. Ankanditchula kuti mtsikana wa boma, pomwe boma lenilenilo silinkadziwa n'komwe kuti ndilipo. Tsiku lathunthu ndinkalemba aphunzitsi awiri kapena wa zaumoyo mmodzi, kwinako kungokhala pansi pa ambulera, kuyang'ana zigafa zopanda fodya ndi fumbi likuzungulira m'minda youma. Ndinafika poyamba kulankhula ndi mbuzi. A Mwale akaimba ankangoti anzako pa Boma mafoni akuwatenthera m'manja, iwe kumeneko ukugona? Ndinalira kangapo, sindibisa.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankandipatsa moni wa mtima wonse, Anabanda. Anali tenanti pa esiteti ina chapafupi, mayi wamasiye, wochepa thupi, wa manja okhakhala ndi ntchito. Foni analibe. Anali ndi simu yokha, yokulunga m'kapepala ka pulasitiki, yomangidwa pa nsonga ya chitenje monga amamangira ndalama amayi akumsika. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankabwereka kafoni ka mabatani kwa a Saidi, n'kuikamo simu yawo, n'kukwera pachulu paja kukakhala mpaka dzuwa litapendeka. Ankadikira mwana wawo Limbani, yemwe anapita ku Joni zaka zitatu m'mbuyomo. Kumeneko analibe mapepala, analibenso nambala yokhazikika. Ankaimba pa mafoni obwereka akapeza mpata, mwina kamodzi pamwezi, mwina osaimba n'komwe. Nambala ya mayi akeyo ndi yokhayo yomwe ankaidziwa pamtima. Iwo sakanatha kumuimbira. Ntchito yawo inali kudikira.

Tinazolowerana pachulupo, ine kudikira makasitomala, iwo kudikira mwana. Ankandibweretsera mtedza wokazinga kapena kachinangwa, n'kumandiseka kuti jekete langa likuthawitsa amuna. Ndinawauza kangapo kuti amayi, simu yanuyi idulidwa, tiyeni tilembetse. Ankayankha kuti chitupa chawo chili kwa tcheyamani wa komiti ya makuponi. Iyeyo anatolera zitupa zonse kuti akatsimikizire maina, ndipo ankazisunga m'chikwama kunyumba kwake. Eni mudzi akafuna zawo ankakatenga mwa ukali. Matenanti, poti ndi obwera, ankauzidwa kuti adikire.

Sabata yomaliza wailesi inalimbikira kulengeza, kumatchalitchi ndi kumzikiti nakonso ananena kuti za mafoni ndi za makuponi n'zosakhudzana. Tsiku lomaliza lenilenilo ndinadzuka n'kupeza mzere wazungulira chulu mpaka kukafika kuchigayo. Abale inu, mafoni aja anali kuti? Ena anabwera ndi atatu. Amayi omwe ankanditembenuzira msana kumjigo tsopano ankati mwana wathu, tiyambe ndife. Mumtima ndinkangoti, mwana wanu ndayamba liti?

Dzuwa la mwezi umenewo mukulidziwa, lija lotentha nazale za fodya zikangomera. Chitupa chinkanyezimira, kamera n'kukana kusikana, mpaka ndichiphimbe ndi jekete. Netiweki nayo inali yolemedwa poti dziko lonse linkatumiza tsiku lomwelo. Ukadina potumiza, kabwalo ka pafoni kosonyeza kudikira kankangozungulira, kuzungulira, kenako n'kukuuza kuti yesaninso, munthu n'kumuyambiranso kuchokera pa kodi. Pofika masana pawabanki inali itatha. A Saidi ananyamula batire la sola yawo kubwera nalo pachulu, koma nalonso linali lofooka chifukwa aliyense anatchajirapo m'mawa. Sindinadye kanthu. Milomo inauma, mawu anasasa.

Anabanda anafika cha m'ma folo koloko, miyendo ili matope okhaokha. Kapitawo wa paesiteti sanawalole kuchoka asanamalize kuthirira nazale. Anaima pambali osalowa pamzere, akumasula nsonga ya chitenje. Chitupa analibe. Anali atadzera kwa tcheyamani, iye n'kuwabweza kuti zitupa za matenanti sizituluka mpaka alangizi abwere.

A Saidi anandikokera pambali. Anati nditenge njinga yawo, ndiwakweze mayiwa, tipite limodzi kwa tcheyamaniyo. Akaona jekete la kampani apereka, ndipo kusikana n'kwa mphindi imodzi, chitupa n'kumubwezera pomwepo. Unali mtunda wa theka la ola kupita kokha. Ndinayang'ana mzere, anthu akadali ambiri ndipo ayamba kulusa. Ndinayang'ana batire la foni, lili pofiira. Ndinati sizingatheke.

Anabanda anagwada pafumbi pomwepo, mayi wa msinkhu wa mayi anga.

"Mwanangu," anatero motsitsa mawu, "akaimba n'kumva kuti nambala kulibe, aziti ndinafa."

Ndinawadzutsa. Ndinaika simu yawo m'kafoni ka a Saidi, kodi inabwera. Ndinatulutsa chitupa changa m'chikwama, ndinachisikana, ndinatembenuzira kamera kunkhope yanga yotuwayo n'kudzijambula. Kabwalo kanazungulira kawiri, kachizindikiro kobiriwira n'kubwera. Anabanda anawomba m'manja mwaulemu, akuthokoza mpaka ine manyazi. Ndinadziona ngati munthu wabwino kwambiri m'boma lonse la Kasungu. A Mwale sindinawauze kanthu.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza kubwerera ku Boma. Anabanda anali kudambo, sindinatsanzike. Ine wogwira ntchito ya manambala sindinasiyire munthu aliyense nambala yanga. Ndinkangofuna kuchoka. Patapita milungu ingapo ndinapeza ntchito ina m'shopu ya mafoni ku Lilongwe, za kwa Lukwa n'kuiwala.

Chaka chotsatira, fodya atagulitsidwa, ndinabwera kudzaona mayi anga. Pamsika wa pa Boma ndinakumana ndi a Saidi akuoda katundu. Moni sanamalize n'komwe. Anandiuza kuti chakumapeto kwa dzinja Anabanda anachapa chitenje simu ili momwemo, ndipo kuchokera apo foni iliyonse inkaikana. Anapempha tsiku lopuma kwa kapitawo, anapita ku Boma ndi chitupa chawo, chomwe tsopano chinali chitabwezedwa, kuti akawapatse simu ina ya nambala yomweyo. Kumeneko anawauza kuti nambalayi si yanu, abwere mwini wake. Anapitanso kachiwiri, yankho lomwelo. Anabwera kwa a Saidi kudzafunsa komwe ndimakhala, koma iwo ankangodziwa dzina langa loyamba.

"Ankabwerabe Lamulungu lililonse," anatero a Saidi. "Ankakhala pachulu paja opanda foni, opanda simu."

Tsiku lomwelo ndinakwera kabaza kupita kuesiteti kuja. Ndinapeza tinyumba ta matenanti tili pululu, zitseko zotsegula. Matenanti akamaliza nyengo amabalalika, ena kubwerera kwawo, ena kukayesa esiteti ina. Kapitawo anali watsopano. Anati amayi a dzina limenelo ndi ambiri, ndipo lole yomwe inawanyamula sakudziwa komwe inalowera. Milungu yonse ija ndinkadya mtedza wawo, sindinawafunse n'komwe mudzi wa kwawo.

Ndinabwerera ku Boma, ndinalowa m'shopu ya kampani ndi chitupa changa. Zomwe Anabanda anayendera maulendo awiri osazipeza, ine anandipangira ndisanakhale n'komwe pampando. Mtsikana wa pakauntala anati ndachita mwayi, nambalayo inatsala pang'ono kuperekedwa kwa munthu wina. Ndinaika simuyo m'foni yanga, pambali pa yangayo.

Inalira Lamulungu lachiwiri, masana, ndikuchapa. Nambala yaitali yakunja.

"Amayi? Ndine Limbani. Munali kuti miyezi yonseyi?"

Ndinakhala pansi, manja ali thovu. Ndinamuuza kuti sindine mayi ake, ndipo ndinamufotokozera zonse, kuyambira pachulu mpaka panjinga ya a Saidi yomwe ndinakana kukwera. Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanandikalipira. Anangondiuza dzina la mudzi wawo ku Dedza. Ndinapitako ndekha pa tsiku langa lopuma. Achibale anati mayiwo sanafikeko, ndipo papita zaka osawaona. Wina anati mwina ali ku Mchinji, wina anati matenanti ena amawolokera ku Zambia. Ndinasiya nambala yanga pakhomo lililonse lomwe ndinalowa.

Mpaka lero ndimagwira ntchito m'shopu ya mafoni. Sipadutsa sabata osabwera munthu wofuna kulembetsa simu pa chitupa cha mkazi wake, cha mlamu wake, kapenanso changa, ati sisi tangondithandizani, n'zachangu. Ndimakana. Amatuluka akunena kuti ndine wouma mtima, ndipo ndimawasiya anene. Ndikaona kuti munthu wavutikadi, ndimamuuza kuti akatenge chitupa chake, ndimudikira ngakhale titseke mochedwa. Atsikana atsopano ndimawauza kuti dzina lomwe walemba pa nambala ndi lomwe lidzafunidwe tsiku la mavuto, ndiye lemba la munthu amene adzaifune.

Simu ija ndimaiikira mayunitsi mwezi uliwonse kuti isadulidwe. Anabanda nambala yawo ankaidziwa pamtima, ndiye ndimati mwina tsiku lina adzabwereka foni kwinakwake n'kuiyesa. Limbani amaimbabe, nthawi zonse Lamulungu, nthawi zonse pa nambala yachilendo. Masiku ano sanenanso kuti amayi. Amati, "Achemwali, mwamvako chilichonse?" Ine ndimati ayi, sindinamve. Amati chabwino, adzaimbanso.