Wilo Inapita ndi Bokosi

A Gertrude analibe kwawo. Anabadwira pa esiteti ya fodya kufupi ndi Nsaru, makolo awo ali matenanti ochokera ku Phalombe, ndipo onse awiri anaikidwa komweko, kuseri kwa zigafa. Ndiye a Bizwick, kalipentala wa ku Kabudula, atawatenga chitengwa, mayiwa anati basi, ndafika. Njerwa za nyumba anaumba ndi manja awo, malata anachokera mu mtedza womwe ankalima. Zaka makumi atatu pamudzi wa eni ake, mwana osabereka, ndipo abale a mwamuna sankalola kuti aiwale zimenezo.

A Bizwick ankawadziwa abale awo. Analemba wilo yonena kuti nyumba ndi ya mkazi wawo, akulu a mpingo awiri n'kusainira. Anaipinda n'kuiika m'Baibulo lawo, mkazi osamuuza. Amuna enanu, kubisa pepala ngati ndi mankhwala.

Tsiku la maliro, amayi a Chigwirizano anafunsa ngati pali choti malemu apite nacho. A Gertrude, poti sadziwa kuwerenga, anangotenga Baibulo lomwe amuna awo ankalikonda n'kuwaikira pachifuwa. Bokosi linakhomedwa.

Atangometa, Levison, mphwake wa malemu, sanachedwe.

"Amayi, takusudzulani. Mwawasunga bwino atsibweni, tsopano mukapume kwanu."

"Kwathu kuti, Levison?"

"Zimenezo mukudziwa ndinu."

A Jonas, mmodzi wa akulu a mpingo aja, atamva anabwera akuthamanga. Anati pepala lilipo, malemu anawauza kuti alisunga m'Baibulo. A Gertrude anangokhala pansi pomwepo. Levison anaseka, nati khasu lilipo, akafukule.

Sanafukule. Ndani angafukule mwamuna wake? Anapita ku Lilongwe, ku ofesi yoona za chuma cha masiye, kumene anawauza kuti ngakhale popanda wilo, lamulo silithamangitsa mkazi wamasiye, koma pafunika khoti ndi mboni. Nkhani inatenga zaka ziwiri. Levison lero wadwala, mwezi wamawa ali ku maliro. Nthawi yonseyo a Gertrude ankagona m'khitchini ya a Jonas, kulima maganyu kuti apeze ya minibasi. Munthu woumba nyumba yake kumagona ndi nkhuku za eni, zimapweteka.

Pomaliza khoti linagamula kuti nyumba ndi yawo. Anafika mu Januwale, chikalata chili m'manja, a Jonas akuwaperekeza. Malata Levison anali atasasula kalekale. Zitseko zomwe a Bizwick anapala okha zinapita pa ngolo, ndipo mvula inali itagwetsa makoma atatu. Pabalaza panali patamera chisoso chofika m'chiuno.

A Jonas anayang'ana kumwamba, mitambo itada bii, nati, "Amayi, tiyeni tibwerere."

"Ayi abambo, pitani. Khoti lati pano ndi panga."

Anazula chisoso pakona yotsalayo, nayala mphasa.