Nsapato za ku Nepal

Nditalembetsa ulendo wokakwera mapiri a ku Nepal, wotitsogolera anandiuza pafoni kuti nsapato zokwerera phiri ndizizivala tsiku lililonse kuti zifewe. Ndinavomera, koma ndinazisunga m'katoni. Nsapato zodula chonchija ndizipondetse matope a kwathu ku Malemia ulendo usanakwane? Akandifunsa, ndinkanama kuti zafewa kale.

Dzulo, poona kuti ulendo wayandikira, ndinazivala kupita ku Songani wapansi. Ndisanafike n'komwe, zidendene zinali matuza okhaokha. Ndinabwerera pakabaza, nsapato zili m'manja, ndikuzitukwana njira yonse ngati wolakwa sindine.

Kunyumba akazi anga anandiyang'ana mapazi otupawo, kenako nsapato zonyezimirazo, osandimvera chisoni ngakhale pang'ono.

"Bambo a Chisomo, muwafunsiretu anzanu okutsogoleraniwo ngati kuphiriko kulinso kabaza."