Simbi Yolavula Makala

Ndikukumbukira simbi yathu ya makala ku Lungwena, yolemera ngati mwala, chogwirira chake chitada ndi thukuta la m'manja. Kusita inali ntchito yanga, ine Asiyatu, mwana woyamba. Ndinkakonda kuikupiza kuti makala ayake, komanso kafungo kaja ka nsalu yotentha. Koma itakalamba inayamba mwano: ukamasita inkayasamula, n'kulavula phulusa, mwina ndi khala lamoto lomwe.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti azimayi onse akavine pa msonkhano wa chipani ku boma. Nsalu yovinira inali ndi nkhope ya mtsogoleri, ndipo masiku amenewo kuwotcha nkhope ija, ngakhale mwangozi, unali mlandu wosowa nawo kothawira. Kupita nayo yamakwinya kunalinso kudziputira mafunso. Amayi anangokhala pamkeka, nsalu ili pamiyendo, akuyang'ana simbi ngati njoka. Ine ndinali ndi mantha, poti wosita ndinali ine.

Abambo anali msodzi, manja awo ozolowera maukonde osati zitsulo. Anakhuthula makala n'kuizondotsa simbiyo padzuwa. Poyamba anaganizira kotsekera ka kutsogolo, ndiye anakakhoma ndi mwala. Simbi inayasamulabe. Atagwedeza chivundikiro, anaona kuti chikusewera kumbuyo. Msomali wolumikiza unali utadyeka mpaka kutsala ngati singano. Anauchotsa, analowetsapo sipoko ya njinga yakale, n'kupinda nsonga zake.

Chinatsala n'kuiyesa. Chiguduli sichikanaonetsa banga, choncho analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kanzu yawo yoyera, imodzi yokhayo, yopitira ku mzikiti Lachisanu.

"Abambo ake Asiyatu, imeneyo ayi!" anatero amayi.

"Sita, mwanangu," abambo anandiuza.

Ndinayamba kusita. Nditafika paphewa tinamva fungo la kupserera. Khala linali litadutsa pa kabowo ka mpweya ka m'mbali, komwe dzimbiri linali litakakulitsa popanda woona. Ndinalira. Abambo anangoyang'ana bowo la pa kanzu n'kuseka.

"Bola apa. Mulungu akaona bowo amamvetsa. Anthu aja samvetsa."

Anadula kachidutswa ka chitini, anakaboolaboola ndi msomali, n'kukakhazika mkati. Simbi inasiya mwano. Amayi anakavina ndi nsalu yosalala, n'kubwerako bwino. Abambo anapemphera ndi chigamba paphewa zaka zambiri, ndipo ofunsa ankawayankha kuti ndi makoswe.

Lero ndili ndi simbi yamagetsi ku Mangochi, ndipo ikafa ana anga amati tingogula ina. Nsalu zankhope anthu amaberekera ana, ena kuyanikirapo usipa, palibe wofunsa. Ndimasangalala nazo zimenezo. Koma ine ndikamasita, ndikafika pankhope ya munthu aliyense pansalu, dzanja limanyamuka lokha, ndipo chomwe ndimaona ndi phewa la abambo anga.