Chaka Chomwe Amayi Anatchedwa Namapopa

Fungo la sipiriti pathonje limandibwezera ku Domasi nyengo ya mango, pamene zipatso zinkagwa zokha n'kuwolera pabwalo, ntchentche zili ng'waa tsiku lonse. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anali azaumoyo a m'dera lathu la kwa Malemia. Chikuku chinali chitangodutsa kumene n'kutenga ana angapo, mmodzi mwa iwo mng'ono wanga Tadala. Tsopano achipatala ankafuna kudziwa ngati ana otsalafe tinali ndi chitetezo m'thupi. Amayi ankabaya mwana pachala, kudonthetsera magazi pakapepala kolimba, n'kukaumitsa pamthunzi. Galimoto inkadzatenga timapepalato ku Songani, ndipo tinkamva kuti zotsatira zake zimafika mpaka kumaiko akunja.

Mawu akuti kunja ndiwo anautsa mapiri pachigwa. Mphekesera inayambira kuchigayo, inadzera pamjigo, n'kulowa m'kalasi mwathu. Anzanga anasiya kusewera nane fulaye. Mtsikana wina atanditcha mwana wa namapopa, ndinamuthira mchenga kumaso, ndipo zikwapu za aphunzitsi ndinazilandira osagwetsa msozi. Mmawa wina tinapeza matayala a njinga ya amayi atachekedwa ndi mpeni. Abambo anawachonderera kuti ayambe apuma. Koma amayi anamanga chitenje, kusenza bokosi lawo la zipangizo, n'kuuyamba wapansi wa ku Naisi. Anandibweza kawiri, koma ndinawatsatirabe.

Pansi pa mtengo wa pafupi ndi tchalitchi panadzaza anthu, koma ana onse anali atatsekeredwa m'nyumba. Anthu ena anali ndi miyala m'manja. Fumbi linkanunkha thukuta ndi mango owola. A Namate, bambo wocheka matabwa, ndiwo anayankhula mokweza, akuwaitana amayi ndi dzina langa.

"Inu amake Chisomo, magazi a ana athu mukuwagulitsa kwa ndani?"

Amayi anatula bokosi pansi mosafulumira. "A Namate, bokosi la maliro a mwana wanga munakhoma ndinu. Chikuku chija chinakupemphani chilolezo? Ine sindichoka pano."

Mkwiyo wanga unaposa mantha. Ndinadutsa pakati pa akuluakuluwo n'kutambasula dzanja.

"Yambani ine, amayi."

Amayi anandigwira chala n'kuchibaya. Kubayako kunali ngati linthumbu laluma, basi. Timadontho tinagwera pakapepala n'kuyamba kuda. Ndinapita kukaima pamaso pa a Namate, chala chili m'mwamba.

"Taonani bambo, ndafa?"

Mayi wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, ndipo ndinamva mwala umodzi ukugwa pansi. Woyamba kukatenga mwana kunyumba anali mayi yemwe nayenso anaika khanda nthawi ya chikuku. Tsikulo anabwera ana ochepa chabe. A Namate ana awo sanabwere nawo, ndipo pepani sananene mpaka lero. Amayi anayenda wapansi midzi yonse yotsala, ndipo mvula itayamba achipatala anabwera ndi katemera kumidzi imene chitetezo chinapezeka chochepa.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti magazi anga akwera ndege, ndipo dokotala wina kutali awerenga dzina langa n'kudziwa kuti ku Domasi kuli mtsikana wosaopa. Ndakula, ndadziwa kuti pakapepalapo panali nambala yokha. Kadontho kanga kanasakanikirana ndi ta ana a m'maiko ena pongothandiza kuona kumene matenda angadzukirenso. Ndadziwanso kuti funso la a Namate silinali lopusa, pakuti palibe amene anakhala nawo pansi kuwafotokozera kumene magaziwo ankapita. Amayenera kuyankhidwa bwino kuposa mmene ndinawayankhira ine. Koma chala chija, ngakhale lero ndikanachiperekabe.