Ndinalira Atate Ali Moyo

Ndinaganiza zochoka tsiku limene abusa athu anandinyoza pamaso pa mpingo wonse. Tinali titachita sewero la Isitala kutchalitchi kwathu ku Palabana, kufupi ndi Lusaka, ine ndili Mariya pansi pa mtanda, ndipo ndinalira mpaka azimayi a kwaya analephera kuyambitsa nyimbo. M'malo moyamikira, abusa anati mtsikana wotha kulira chonchi popanda womwalira ndi woopsa pabanja. Anthu anaseka, ine ayi. Ndinati mumtima, ngati misozi yanga ndi yoopsa kuno, ndipita nayo kumene amaifuna.

Atate, a Mbewe, ankagula mkaka kwa alimi n'kumakagulitsa pa njinga, zigubu ziwiri kumbuyo. Ndi njinga yomweyo anandiperekeza kokwerera minibasi, chikwama changa chitamangidwa pamalo pa zigubu. Amayi anakana kutuluka m'nyumba. Atate anangoti, "Esinati, ukapeza kuti ku Joni kulibe chako, ubwele. Manyazi sapaya munthu."

Ku Joni palibe amene ankandiyembekezera. Ndinkaluka tsitsi mu saluni ya mayi wina wa ku Congo, n'kumagona m'chipinda chogawidwa ndi nsalu pamodzi ndi azimayi osawadziwa. Ntchito za filimu zikapezeka, zinali zodutsa kumbuyo kwa anthu enieni, kapena kukhala wantchito wonyamula tiyi, kapena mlendo wothamangitsidwa ndi apolisi. Anandiuza kuti lilime langa ndi lolemera, ndisinthe kalankhulidwe, ndisinthenso dzina. Ndinakana zonse ziwiri. Kandalama kakapezeka ndinkatumiza kwathu, ndipo pa foni ndinkati zonse zili bwino, pamene Lamlungu lathunthu linkatha osalankhula ndi munthu aliyense. Kusungulumwa kwa m'tauni ya eni n'kowawa, sindibisa.

Kenako mwayi unabwera. Inali filimu ya munthu wofera mumgodi, ine ndili mwana wake wochokera kumpoto, wodzatenga mtembo. Dayirekita, yemwe amalamula zonse pojambula, ankafuna msozi umodzi wotsika mwakachetechete. Ndinamuuza kuti kwathu sitilira ngati munthu wodula anyezi. Anati ndimuonetse. Ndinavula nsapato, n'kumanga chitenje m'chiuno, manja kunkhongo, ndipo ndinayambira patali monga amachitira azimayi akwathu akamafika pamaliro.

Pali chinthu chimene anthu osasewera sachidziwa. Pepala sungalilire. Dzina la womwalira wa mu filimuyo, limene anandilembera papepalapo, linakana kutuluka pakhosi, linali louma ngati chitsononkho. Limene linatuluka ndi lomwe ndinali nalo mumtima zaka zonsezo: "Atate anga a Mbewe, mwanisiya na ndani? Azaniyembekeza ndani pa msewu?" Dayirekita anaiwala kuimitsa kamera. Kulira kumeneko ndiko kunanditsegulira zitseko. Kuyambira pamenepo palibe anandiuzanso za lilime lolemera.

Kachidutswa ka filimuyo kanafika ku Palabana pa mafoni a anthu. Woyamba kuimba anali azakhali a Velonika, alongo awo a atate.

"Iwe mwana, walila mlongosi wanga ali moyo?" anatero. "Ni malodza ayo. Chikamuchitikila chinthu, ni iwe."

Madzulo ake anaimba atate, akuseka mpaka kutsokomola. "Nayitamba kangapo pa foni filimu yako. Anthu ambili samvelako malilo awo, ine namvela. Koma waiwala njinga. Munthu wochova njinga zaka zonse izi, ungamulile osaichula? Siku langa likafika uzalile so, manje uikemo na njinga."

Ndinawauza kuti asamalankhule zotero, koma mawuwo ndinawasunga.

Panapita zaka. Atate anamwalira ndi matenda a shuga, amene anali nawo ndisanaganize n'komwe za Joni. Ndinakwera basi tsiku lomwelo uthenga unafika. Njira ya kwathu ndinatsala pang'ono kuisokera, chifukwa pomwe panali minda panali pataima nyumba za mipanda za anthu ogwira ntchito ku Lusaka. Koma mwambo ndinaupeza uli pomwe ndinausiya. Amuna amakhala panja, akazi m'nyumba, ndipo mkazi wofika kumene amayambira kulira kumsewu n'kukagwera pamapazi pa namfedwa m'katimo.

Ndinatsika minibasi pamsewu wa kwathu. Achinyamata anali ataima m'mbali mwa njira, akunong'onezana kuti wa mu filimu uja wafika, tione mmene alirire. Nditafika pakhomo, azakhali a Velonika anaima pachitseko, manja atatambasula.

"Suzangena muno," anatero. "Unalila kudala. Misozi yako ni ya malonda, pita nayo kwamene uchoka."

"Ba anti, ni atate anga."

"Unawaitanila imfa na kamwa yako."

Palibe mwamuna amene anadzuka pampando, ngakhale abusa aja, omwe tsopano anali ndi imvi. Ndinazindikira kuti ndikatembenuka pamenepo, atate aikidwa popanda ine, ndipo mpaka kalekale ndidzakhala mwana amene anapha bambo wake ndi sewero. Kupepesa sindikanatha, chifukwa sindinalakwe. Ndinawalira atate ku Joni chifukwa ndinali kuwasowa, basi.

Ndipo ndinaiona njinga ija. Inali itatsamira khoma la khitchini, zigubu zili zomangabe, chishalo chitakulungidwa ndi mphira wakuda.

"Ngati nyumba ni yanu, ba anti," ndinatero, "njinga ni ya atate."

Ndinavula nsapato, n'kukakhala pansi m'fumbi pambali pa njingayo, pamalo pamene mkazi sayenera kulirira. Ndinayamba. Ndinatchula a Mbewe, ndinatchula mkaka wa m'mamawa, ndinatchula matope a dzinja amene ankawakakamiza kunyamula njinga paphewa. Ndinafunsa kuti adzaipalasa ndani, adzandiperekeza ndani kumsewu. Ndinene zoona, mpweya ndinkautenga pansi pamimba monga ndinaphunzirira pantchito, kuti mawu asathe msanga. Amene akufuna kutcha zimenezo bodza atche. Mmisiri akamakhoma bokosi la bambo wake sataya luso lake, ndipo palibe amamunena kuti sakumva chisoni.

Namfedwa sadzuka pamphasa pake mtembo usanaikidwe, aliyense amadziwa. Koma ndinamva phokoso pachitseko, ndipo nditatukula maso ndinaona amayi akudutsa pansi pa mkono wa azakhali. Amayi omwe aja amene anakana kunditsanzika. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa pakati pa amuna, n'kudzakhala m'fumbi pambali panga, dzanja lawo litagwira tcheni cha njinga. Anayankha kulira kwanga mzere ndi mzere. Azimayi ena anayamba kutuluka mmodzimmodzi, mpaka maliro onse anasamukira kukhitchini. Azakhali anatsala akulondera nyumba yopanda munthu.

Ndili pakati pa azimayiwo ndinaona chimene sindinkachiona ndili mwana. Aliyense wa iwo amadziwa poyambira, pokwezera mawu ndi polekezera kuti mnzake alandire. Anaphunzira kwa amayi awo, ine ndinaphunzira kwa iwo. Kwathu kumene kunanditcha wabodza ndiko kunandiphunzitsa ntchito, ndipo zimene ndinagulitsa ku Joni ndinazitenga pabwalo lomweli. Ukaipa dziwa nyimbo, amatero akuluakulu. Ine ndinaipa kale m'maso mwawo, koma nyimbo yake ndi yawo yomwe.

Azakhali mpaka lero sandilankhula, ndipo ine sindinapite kukagwada. Ntchito sindinasiye. Wina akandifunsa ngati ndingadzatchulenso dzina la munthu wamoyo pamaso pa kamera, ndimati zidzaoneka pomwepo.

Titabwera kumanda, amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba. Ndinkaganiza kuti tsopano andidzudzula chifukwa chowadzutsa pamphasa. Anandipukuta fumbi kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Nthawi zonse atate ako akatamba filimu ija, anali kudandaula chinthu chimozi chabe," anatero. "Manje waikamo. Angagone."