Kiyi wa Pikiapu ya Abambo

Pali chinthu chimene ndakhala nacho mumtima kuyambira ndili mu Sitandade 3, ndipo ngakhale bambo a mwana wangayu sakuchidziwa. Kiyi wa galimoto ya abambo anga sanasowe yekha ayi. Ndinamutaya ndine.

Dzinja limenelo pakhomo pathu ku Likhubula pankamveka fungo la girizi ndi zinanazi zakupsa. Abambo anali ndi pikiapu yakale yonyamulira zinanazi kupita nazo ku Chonde, ndipo ankaikonza okha pansi pa mtengo wa mapeyala. M'mawa uliwonse ankaizungulira, n'kukanikiza ngodya iliyonse ndi manja awiri, kenako n'kusiya. Ine ndinkawerenga. Galimoto ikadzuka kamodzi n'kukhazikika, ndiye kuti shoko wa mbali imeneyo, chitsulo choletsa galimoto kunjanja, ali moyo. Ikapitiriza kunjanja, ndiye kuti wafa.

Mvula itakumba msewu, ngodya ya kumbuyo chakumanzere inayamba kunjanja mpaka kanayi. Shoko wake ankachucha mafuta akuda. Abambo anandiitanira kunsi n'kundionetsa masipuling'i, zitsulo zazitali zosanjikizana zimene zimasenza katundu yense. Chapamwamba chinali ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi. Anachikulunga ndi malamba a chubu, n'kupanikizirapo chipika cha mtengo, ndipo kuyambira pamenepo ankanyamula theka la katundu basi.

Lachitatu lina kunabwera a tcheyamani a chipani a m'dera lathu. Anati Loweruka amayi a m'mudzi akavine ku Boma, ndipo galimoto yathu ndiyo iwanyamule. Amayi anga, amene anali ndi pakati pooneka kale, anali m'gulu la oimba.

"Bwana, sipuling'i yang'aluka," anatero abambo. "Anthu makumi awiri siingawathe."

"Zinanazi imazitha, koma amayi athu ayi?" anatero a tcheyamani akuseka, uku akupala matope a nsapato pa tayala. "Kapena ndikanene kuti mwakana?"

Masiku amenewo mawu oti wakana ankatha kumusowetsa munthu.

Ine mutu wanga unadzaza ndi kachitunda ka pafupi ndi mlatho, pamene galimoto inkapendekera. Ndinkaona chitsulo chikuthyoka, amayi akugwera m'ngalande. Lachisanu masana, abambo akusamba, ndinachotsa kiyi pa msomali wa kuseri kwa chitseko n'kuthamangira kumtsinje. Madzi anali odzaza, akusokosa pa miyala, moti nditamuponya kiyiyo sindinamve ngakhale kugwa kwake.

Loweruka m'mawa amayi a m'mudzi anafika atatchena nsalu zawo zofanana. Tinakutumula mphasa, madengu, matumba a ovolosi kufuna kiyi, ineyo ndikufufuza nawo. Dzuwa litakwera, gululo linakwera lole ya kuesiteti ya tiyi. Amayi anga anatsala, akufunabe. Abambo anatengedwa kupita kuofesi ya chipani kuti akafotokoze. Anabwera Lamlungu, milomo itauma, malaya atang'ambika pa phewa, ndipo sanafotokoze chilichonse.

Lolemba ananyamula galimoto ndi jeke n'kumasula malamba aja. Chitsulo chinatsika chili zidutswa ziwiri. Anaikapo china chakale chimene anapempha kwa mnzawo, kenako anawerama kunsi kwa chiwongolero, n'kugunditsa mawaya awiri. Injini inalira nthawi yomweyo. Ndinaomba m'manja, ndikuti abambo anga ndi akatswiri.

Zanditengera zaka, ndi mwana wangawanga kumsana, kuti ndione chimene ndinaona tsiku limenelo. Munthu woliza galimoto popanda kiyi Lolemba akanatha kuiliza Loweruka. Anasankha kupita kuofesi kuja. Ine ndinkati ndapulumutsa amayi ndekha, osadziwa kuti ndangoponya kiyi, zolemerazo anasenza ndi iwo. Mpaka anamwalira sanandifunsepo, ndipo sindikudziwa ngati ankadziwa. Ndimawathokoza pa zonse ziwiri, kupita kwawoko ndi kusafunsako.

Komabe mtima sukhala pansi. Akanapanda kubwera Lamlungu lija, bwenzi ndikulemba zotani lero? Mng'ono wanga amene anali m'mimba muja ali moyo, ndi mphunzitsi. Inu amene mwawerenga, ndiuzeni moona: ndinachita bwino, kapena ndinangochita mwayi wokhala ndi bambo oterowo?